Mvula ya m'lichero, bingu la lata: mmene mungapangire maphokoso anuanu pa wailesi ya kaseti yakale

Chaka chatha achinyamata a kutchalitchi kwathu timakonza sewero la nkhani ija ya namondwe panyanja, ophunzira ali m'ngalawa Ambuye ali mtulo, ndiye panafunika mphepo, mafunde, mvula ndi bingu. Mnyamata wina anadawuniloda maphokoso pa intaneti, titayika pa sipika tonse tinangoti zii, chifukwa mvula yake inali yomveka bwinobwino koma sinali mvula yathu, sinali ija imagwa pa malata mu Januwale mpaka kulephera kumvana ndi munthu amene mwakhala naye benchi imodzi. Usiku womwewo ndinatsitsa wailesi ya kaseti ya malemu bambo anga pamwamba pa wadirobu, ya sipika imodzi ya chogwirira pamwamba ija, ndinaipukuta fumbi, ndipo mpaka lero sindinaibwezerenso. Zomwe ndalemba apazi ndi zomwe ndakhala ndikuyesa ndi manja angawa, inunso mukhoza kuyamba madzulo ano ngati wailesiyo ilipo pakhomo.

Choyamba wailesi yake. Musavutike kufuna yodula, ili yonse yomwe ili ndi batani la record ndi la pause ndiyokwanira, ndipo ikakhala ndi kabowo kolembedwa MIC ndiye bho kwambiri. Ngati kunyumba kulibe funsani kwa agogo kapena pitani kwa okonza mawailesi mumsika, ambiri ali nazo zomwe eni ake anazisiya osabweranso kudzatenga. Mukakhala ndi mwayi pezani awiri, muona kutsogoloku chifukwa chake. Musanalipire ikanimo kaseti mudine play, muone ngati timawilo tikuzungulira. Mota ikamalira koma tepi osayenda, nthawi zambiri ndi lamba wa mkati amene watha, labala ikakhala zaka zambiri imatamuka kapena kusungunuka n'kukhala ngati phula, ndipo okonza mawailesi amasintha zimenezo mosavuta. Labala yomangira ndalama ija imatha kuyendetsa kwa masiku ochepa koma mawu amanjenjemera, ndiye musaidalire.

Kenako muitsuke. Tsekulani chitseko cha kaseti, dinani play mulibe kaseti kuti zamkati zituluke, muona tinthu tinayi. Pakati pali hedi yonyezimira, imeneyo ndi yomwe imajambula ndi kuwerenga. Pambali pake, mbali yomwe tepi imachokera, pali kahedi kena kakang'ono kakuda kapena koyera, ntchito yake ndi kufufuta zakale tepi isanafike pa hedi yojambulayo, kasungeni m'mutu kameneka tikagwiritsa ntchito. Mbali inayo pali kachitsulo kowonda kozungulira kotchedwa capstan ndi kawilo ka labala kotchedwa pinch roller, ziwirizi ndi zomwe zimapana tepi n'kumaikoka. Tengani thonje pa kamtengo ka machesi, nyowetsani ndi sipiriti woyera wa ku famase, pukutani mahedi ndi kachitsuloko mpaka thonje lisiye kutuluka lofiirira. Kawilo ka labala ine ndimapukuta ndi kansalu konyowa ndi madzi basi, sipiriti amaumitsa labala mukamachita pafupipafupi. Dikirani ziume kaye. Wailesi zambiri zomwe anthu amati zimadya makaseti vuto lake ndi kawilo kakuda kameneka basi.

Ndipo chonde, mukafuna kutsekula kumbuyo zulani kaye chingwe pakhoma, magetsi athu ndi 230 volts si zosewera nazo. Zoyesayesa zonse za mkati chitani ili pa mabatire. Kujambula pa mabatire kulinso ndi ubwino wina, kumachotsa kakung'ung'udza kaja kamalowa mu tepi wailesi ikakhala pa magetsi.

Tsopano makaseti. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa, nyimbo zonse zinkayenda pa kaseti, oimba ankapita ndi master yawo, tepi yoyamba yokoperako ena onse, kwa O.G. Issa wogulitsa makaseti ku Limbe, ndiye makaseti akale alipo ambiri m'makatoni m'nyumbamu. Koma musafufute ya kwaya ya amayi kapena ya ukwati wa munthu, mverani kaye mbali zonse ziwiri. Sankhani C60 kapena C90, ya 60 ndi mphindi 30 mbali iliyonse, ya 90 ndi mphindi 45. Ya C120 isiyeni, tepi yake ndi yopyapyala kwambiri imaduka msanga mukamabweza pafupipafupi. Ikhale ya Type I yolembedwa Normal, chifukwa mawailesi ang'onoang'onowa anapangidwira imeneyo, ya chrome kapena metal sangaifufute bwino. Batani la record likamakana kulowa musalikakamize, yang'anani pamwamba pa kaseti m'makona, ngati timapulasitiki tija tinathyoledwa matani selotepi pabowopo basi ilola. Ndipo kumbukirani kuti koyambirira kuli katepi koyera kosajambulika, zungulizani ndi bolopeni ya Bic kapena chala mpaka tepi yofiirira ifike pakati. Sankhaninso makaseti omanga ndi masikuluwu, osati omata, chifukwa ena tiwatsekula.

Nambala imodzi yokha yoti muisunge ndi iyi: tepi ya kaseti imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Kuyambira pomwe kampani ya Philips inatulutsa kaseti mu 1963, gulu lomwe ankatsogolera Lou Ottens, liwiro lake ndi limeneli pa wailesi ili yonse padziko. Ndiye kuti sekondi imodzi ya phokoso ndi kachidutswa kotalika ngati chala chanu chaching'ono, mukhoza kukagwira, kukadula, kukatembenuza. Ine chimenechi ndi chomwe chimandikoka, phokoso limasanduka chinthu chogwirika m'manja.

Malo ojambulira. Dikirani usiku kapena m'mamawa kwambiri atambala asanayambe, tsekani mawindo, ndipo chipinda chokhala ndi matilesi, makatani ndi zovala zambiri chimaposa balaza lopanda kanthu. Maiki ya mkati mwa wailesi imagwira ntchito koma imatolanso kulira kwa mota, ndiye ngati pali bowo la MIC lowetsani maiki yapadera olo ya kalaoke yotchipa. Ngati mulibe, mahedifoni akale aja mukawalowetsa pa MIC amagwira ngati maiki, mawu ake amakhala ochepa komanso ngati a pa telefoni, nthawi zina ndi zomwe mukufunazo. Ikani wailesi pa pilo kapena thawulo lopinda kuti isamatole kugwedera kwa tebulo.

Pali khalidwe lina la mawailesi otchipawa lomwe muyenera kulidziwa msanga. Alibe pochepetsera kapena kukweza mphamvu ya kujambula, amadzisinthira okha. Kukakhala chete amakweza makutu mpaka mumangomva fwiiii, kukabwera phokoso lalikulu mwadzidzidzi amalipondereza, kenako fwiii uja n'kubwereranso pang'onopang'ono. Mankhwala ake ndi kuyandikira. Chinthu chomwe mukujambulacho chikhale pafupi ndi maiki ngati chikhato chimodzi, ndipo musasiye chete wautali. Kadinidwe kake ndi aka, dinani pause kaye, kenako record ndi play pamodzi, yambani phokoso lanu, ndiye mumasule pause phokoso lili kale mkati. Pomaliza dinaninso pause osati stop. Stop imasiya kaphokoso ka gu pa tepi, pause siisiya kwenikweni. Ngati pali kakauntala ka manambala atatu kabwezeni pa 000 ndipo muzilemba mukope kuti mvula yayambira pa nambala yakuti, mukapanda kutero mawa mutaya ola lathunthu kusaka.

Tifike pa maphokoso enieniwo, ndipo apa ndikhalitsapo. Chinthu chomwe ndinaphunzira movutikira ndi chakuti chinthu chenicheni kawirikawiri sichimveka ngati chenicheni pa tepi. Ndinaika wailesi pakhonde mvula ikugwa, pomvera inangokhala ngati wailesi yasowa siteshoni. Khutu limafuna timadontho tomveka patokha patokha. A mafilimu anazindikira kalekale zimenezi, ntchitoyi mpaka lero amaitchula dzina la Jack Foley, bambo amene ankaichita ku Universal ku America kuyambira pomwe mafilimu anayamba kukhala ndi mawu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo masewero a pa wailesi omwe tinkamvera pa MBC madzulo, chitseko chikamatsekuka kapena munthu akamati odi kunoko akuchokera patali, zinali nzeru zomwezi, munthu ataima pafupi ndi maiki ndi tizipangizo take.

Mvula ndimapanga chonchi. Tengani lichero, thiranimo mpunga wosaphika manja awiri, muzilipendeketsa pang'onopang'ono uku ndi uku mpunga uziyenda osaima, imeneyo ndi mvula ya patali kapena yogwa pa udzu. Ya pa malata tengani chivundikiro cha poto kapena kachidutswa ka lata, kaimikeni mopendekeka, wina azithira mpunga kuchokera m'mwamba ndi dzanja limodzi kwinaku dzanja lina likutapa, kuti pasakhale mpata. Mukasakanizamo nyemba zochepa mumapeza madontho akuluakulu aja amayamba mvula isanatsike, ndiye yambani ndi nyemba imodzi imodzi, kenako mpunga wochepa, kenako wambiri, munthu womvera amachita kuyang'ana kudenga. Mafuta akamalira mu felempani pokazinga amamvekanso ngati mvula yamphamvu, yesani tsiku lokazinga tchipisi koma maiki italikire mafuta.

Bingu ndi lata. Pezani lata lopyapyala, lalitali ndiye labwino, ligwireni ndi nsalu kapena magolovesi chifukwa limacheka, liimikeni osakhudza pansi ndiye mulipukuse kamodzi mwamphamvu kenako mulisiye lizidzinjenjemerera lokha. Apa ndi pomwe kaseti imaposa foni, phokoso likakula kwambiri foni imang'aluka moipa pomwe tepi imangolinenepetsa. Moto ndi jumbo youma yolira ija kapena pepala la maswiti, muzilifinya pang'onopang'ono kwambiri pafupi ndi maiki, wina azithyola timitengo ta machesi apo ndi apo ngati nkhuni zikuthetheka. Mukafulumira zimamveka kuti ndi jumbo, ndiye dekhani. Mphepo ndi kukamwa kwanu, koma osauzira mu maiki mwachindunji, uzirani chammbali mukusintha milomo, kapena uzirani pakamwa pa botolo la Fanta lopanda kanthu, mukathiramo madzi pang'ono mawu amakwera, ndipo botolo lomwelo mukauzira modukiza limapereka kadzidzi wochititsa mantha kwabasi. Mafunde a kunyanja ndi beseni lodzaza theka, muzikankha madzi ndi mbale ya pulasitiki mosafulumira, werengani mpaka kanayi musanakankhenso, nyanja siithamanga.

Mapazi amafuna thireyi. Thireyi ya mchenga, ina ya timiyala, ina ya masamba ouma a mango, valani nsapato m'manja muziyenda nazo mmenemo, chidendene kaye kenako kuphazi. Ganizirani munthu amene akuyendayo, gogo wotopa sayenda ngati wapolisi. Tepi yowonongeka yomwe mwaitulutsa m'kaseti musataye, iunjikeni pansi muzipondapo, imamveka ngati munthu akudutsa mu udzu wouma. Chibakera ndi kumenya kabichi ndi mthiko, fupa lothyoka ndi phesi la chimanga louma kapena chinangwa chachiwisi, mapiko a mbalame kapena mleme ndi chitenje chopinda kapena ambulera yotsekula n'kutseka msanga msanga, kugunda kwa mtima ndi kumenya pilo kawiri kawiri ndi chikhato, chitseko cha nyumba ya mizukwa ndi mpando wakale wa nsungwi kapena hinjesi ya dzimbiri yoitsekula mwaulesi. Njinga mukaigoneka chagada n'kuzunguliza wilo, kakadibodi kakukhudza masipoko, muli ndi injini. Mtondo ndi munsi, kusinja kamodzi kamodzi mtondo uli wopanda kanthu, ndi mapazi a chimphona, makamaka mukadzautsitsa liwiro.

Mukatolera maphokoso angapo mufuna kuwaphatikiza, mvula ndi bingu ndi mphepo nthawi imodzi. Apa ndi pomwe pafunika mawailesi awiri. Yoyamba izisewera mvula yomwe munajambula kale, yachiwiri ikhale pa record pafupi ndi sipika ya yoyambayo, inu mukupukusa lata pambali. Mukatero sinthanitsani makaseti, yatsopanoyo isewere, muonjezere mphepo. Koma dziwani kuti ulendo uliwonse fwiii amachuluka ndipo mawu akuthwa amafota, ine ndimalekeza katatu. Pachifukwa chimenechi yambani ndi zakumbuyo zomwe olo zifote palibe vuto, monga mphepo ndi mvula, ndipo zofunika kumveka bwino monga mawu a munthu kapena belu zikhale zomaliza.

Njira ina ndi ya wailesi imodzi yomweyo, kahedi kofufuta kaja. Mukakaphimba ndi kapepala kolimba kapena masking tepi timagawo tingapo kuti tepi isakakhudze, wailesi imajambula zatsopano pamwamba pa zakale osazifufuta. Zakalezo zimachepa mphamvu ndithu ulendo uliwonse, ndipo simungazimve pomwe mukujambula ndiye mumachita kuwerenga masekondi mumtima, koma zotuluka zake zimakoma modabwitsa, ngati maloto. Mawailesi ena otchipa kahedi kameneka ndi maginito wamba yomwe imasendera kutsogolo mukadina record, imeneyo imafuna chophimba chokhuthalako. Mukamaliza chotsani chophimbacho ndi kupukuta zomata zonse, mukaiwala mudzadabwa kuti bwanji kaseti siikufufutika.

Tsopano liwiro, pamene pali matsenga enieni. Tonse tikukumbuka mabatire akamatha, woimba ankayamba kukoka mawu ngati waledzera, mpaka tinkawayanika padzuwa kuti alimbeko. Chimenecho ndi chida. Lamulo lake ndi losavuta, mukajambula tepi ikuyenda pang'onopang'ono n'kusewera pa liwiro labwinobwino, mawu amathamanga n'kuwonda ngati a kamwana kapena kambewa. Mukajambula ikuthamanga n'kusewera bwinobwino, mawu amatsika n'kunenepa, galu amasanduka mkango, kapu kugwa kumakhala ngati mgolo wagubuduka. Ndiye sungani mabatire akutha m'kabokosi kawokawo. Sewerani pa wailesi ya mabatire ofooka, jambulani ndi inayo ya mabatire abwino, mwatsitsa mawu. Mawailesi ambiri amayesetsa kusunga liwiro mpaka mabatire afookeretu, ndiye mpata wake ndi waufupi, konzekeranitu zonse.

Njira yodalirika kuposa imeneyi ili pa mota. Mota zambiri za makaseti zili ndi kabowo kumbuyo kwake, mkati muli kosinthira liwiro, mumalowetsa kasikuludiraiva kakang'ono ka mawotchi n'kupotoza pang'ono. Musanakhudze, jambulani pa foni mmene nyimbo yomwe mumaidziwa bwino ikumvekera, kuti muzitha kubwezera pomwe panali. Potozani mofatsa, kanthu kake ndi kosalimba, ndipo kachitsuloko kasakhudze thupi la mota, ena amakakulunga selotepi. Amene simukufuna kutsekula wailesi, kulungani selotepi kawiri kapena katatu pa capstan, ikanenepa imakoka tepi mofulumira, jambulani choncho, kenako chotsani selotepiyo, pukutani ndi sipiriti, sewerani, mawu atsika. Amanjenjemerako chifukwa selotepi siikhala yosalala ndendende, koma pa mawu a mzukwa kapena chilombo kunjenjemerako ndi phindu. Amene muli ndi wailesi ya makaseti awiri ija yokopera mwachangu, pokopera sipika imatulutsa mawu othamanga, jambulani amenewo ndi wailesi ina, mukatero kawiri mawu a anthu akucheza amasanduka ngati mbalame za m'dambo. Chala chokhanso chimagwira ntchito, pa wailesi yomwe chitseko chimachoka khudzani pinch roller pang'ono tepi ikusewera, mawu amagwa n'kudzukanso. Pang'ono pokha, mukakanikiza kwambiri tepi imakulungika.

Lupu ndi chinthu chomwe chinandigoneka mochedwa masiku ambiri. Ndi katepi kolumikiza kumapeto ndi koyambira kuti kazizungulira kosatha, nkhululu zizilira usiku wonse, mvula isathe mpaka sewero lithe. Si zachilendo, Pierre Schaeffer ku Paris mu 1948 ankabwereza maphokoso a sitima za pamtunda, pa mbale za galamafoni, tepi anadzayamba kuigwiritsa ntchito pambuyo pake, ndipo BBC inatsekula Radiophonic Workshop mu 1958 komwe anthu ngati Daphne Oram ndi Delia Derbyshire ankadula matepi ndi lezala kupanga maphokoso a masewero. Iwo anali ndi matepi akuluakulu, ife tili ndi kaseti, nzeru ndi imodzi.

Masulani masikuluwu asanu a kaseti, igonekeni patebulo loyera, nyamulani chivundikiro cha pamwamba mofatsa. Jambulani chithunzi pa foni musanasunthe kanthu. Muona mawilo awiri a tepi, timawilo tiwiri ting'onoting'ono m'makona a mmunsi, kathonje kokhala pa kachitsulo pakati komwe kamakankhira tepi ku hedi, ndi timapepala tiwiri toterera. Zonsezi zisasowe, makamaka kathonjeko, popanda iko mawu satuluka bwino. Chotsani tepi yonse pa mawilo, bwezerani mawilo opanda kanthu. Kenako tengani ulusi, uzungulizeni njira yomwe tepi idzadutse, kutsogolo pa kathonje, kukhota pa timawilo ta m'makona, kukwera kuzungulira wilo limodzi, n'kubwerera. Utali wa ulusiwo ndiwo utali wa tepi yomwe mudule, umakhala cha m'ma sentimita 22 kapena 23, kutanthauza masekondi osakwana asanu. Dulani ndi lezala, nsonga ziwirizo muzisanjikize n'kudula pamodzi mopingasa pang'ono kuti zikumane bwino, zigundanitseni osasanjikiza, ndiye mumate kaselotepi kakang'ono kumbuyo, mbali yomwe siikhudza hedi. Mukamata kutsogolo mwaphimba mawu. Chepetsani selotepi yotuluka m'mbali. Ikhale yosathina komanso yosalendewera, ikathina wailesi imaima, ikalendewera imadyedwa, ine yoyamba kuyenda bwino inali yachinayi ndiye musataye mtima. Sambani m'manja musanayambe, mafuta a m'zala amawononga tepi.

Pojambula pa lupu werengani masekondi anayi ndi theka n'kuimitsa, mukapitirira mufufuta poyambira. Muona kuti pamakhala kachete kakafupi ulendo uliwonse, ndi kamtunda kaja kapakati pa hedi yofufuta ndi yojambula, mukaphimba yofufutayo kachete kamatha ndipo mukhoza kumangoonjezera phokoso pamwamba pa linzake lupu ikuzungulira, zakale zikuzimirira pang'onopang'ono zatsopano zikulowa. Yesani ndi kung'ung'udza kwa pakamwa mawu atatu osiyana, muzamva ngati kwaya ili kutsidya la mtsinje. Mawailesi ena amadzizimitsa okha akaona ngati tepi yatha, ikatero yesani pa ina.

Mawu obwerera cham'mbuyo anthu ambiri amaganiza kuti ungotembenuza kaseti, ayi, mbali A ndi mbali B zimakhala pa theka losiyana la tepi yomweyo ndiye mukatembenuza mumangomva mbali inayo bwinobwino. Koma amene kaseti inawadyekerapo n'kuibwezera yopotoka akukumbuka kuti pamalo opotokapo pankamveka zachilendo zosamveka chilankhulo. Chimenecho ndiye chinsinsi. Jambulani pa mbali B, kokani tepi panja pang'ono, ipotozeni kuti kumbuyo kwake kuyang'ane ku hedi, kulungani chigawo chonsecho chili chotembenuka choncho, ndiye musewere mbali A. Mumva zomwe munajambula pa B zikubwerera m'mbuyo, mofooka ngati zikuchokera kuseri kwa khoma chifukwa hedi ikuwerenga kudzera mu pulasitiki. Belu la njinga kapena chivundikiro cha poto chomenyedwa chikabwerera m'mbuyo chimachita kukoka mtima, chimayamba mwakachetechete n'kukula n'kuduka mwadzidzidzi. Mukapeza makina aja a matiraki anayi monga Portastudio ya Tascam, yomwe yoyamba inatuluka mu 1979, pamenepo kutembenuza kaseti kumabwezadi mawu moyera, chifukwa iyo imagwiritsa ntchito tepi yonse mbali imodzi.

Eko yeniyeni ya tepi, ija ya mu nyimbo za dub za ku Jamaica za anthu ngati King Tubby, imafuna makina a hedi yojambula payokha ndi yowerenga payokha, mawailesi athu apanyumbawa hedi ndi imodzi ndiye sizitheka. Koma malo alipo. Ikani wailesi yosewera mkati mwa mgolo wachitsulo wopanda kanthu, maiki pakamwa pa mgolo, mwapeza phanga. Bafa ya simenti, kalasi yopanda ana, tchalitchi pakati pa sabata mutapempha chilolezo, sewerani phokoso kumapeto kuno maiki ili kumapeto uko. Kuyankhulira mu paipi ya pulasitiki yaitali kapena mu ndowa kumapereka mawu a munthu amene wagwera m'chitsime. Mukafuna kuti zimveke zakalekale, kokani tepi panja, ifinyeni pang'ono m'manja, iwongoleni n'kuibwezera, mawu amadukaduka ngati uthenga wa zaka makumi anayi zapitazo. Izi chitani pa kope osati pa kaseti yanu yoyamba. Ndipo makaseti onse asakhale pamwamba pa sipika kapena padzuwa, maginito a sipika amafufuta, dzuwa limapinda pulasitiki.

Pomaliza pake mufuna kuzisunga kapena kutumizira anzanu pa WhatsApp. Chingwe cha mapini awiri ang'ono chichoke pa bowo la mahedifoni la wailesi kupita pa bowo lolowetsera mawu la kompyuta lotchedwa line in, tsekulani pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity, ndi yaulere, yambani voliyumu ya wailesi ili pansi muzikweza mpaka mizere izifika chapamwamba osagunda denga. Ngati kompyuta palibe ikani foni patsogolo pa sipika m'chipinda cha chete, zimatheka ndithu. Fwiii uja musamuchotse yense, mukamusefa kwambiri mvula imasanduka ngati ya mu chitini, ine ndimangomusiya.

Tsiku la sewero lathu sitinagwiritse kompyuta. Tinatenga mawailesi awiri aja, ina ili ndi lupu ya mvula ndi mafunde, ina ili ndi kaseti ya mabingu oikidwa motsatana, pakati pa bingu ndi linzake ndinasiya masekondi atatu kuti mtsikana amene amadina pause asasokonezeke, ndipo pa kaseti ndinamata kapepala kolemba mawu a wosewera omwe akamveka iye amasule batani. Mabatire tinaika atsopano m'mawa womwewo ndipo ena anali m'thumba. Pofika pomwe Ambuye akudzudzula mphepo, sitinadine stop, tinatsitsa voliyumu ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka zii, ndipo mayi wina amene anakhala kutsogolo anali atatuluka kale kukaanula zovala za ana a kwaya zomwe zinayanikidwa kuseri kwa tchalitchi.